Jekete la Malemu Yotamu

Mwambi uwu unayamba motere, ananu, ndipo mutchere khutu, chifukwa ena mwa eni nkhaniyi akadali moyo ndipo akuyenda ndi mimba zawo m'misewu yomweyi.

Pa Msangu panali munthu wina dzina lake Yotamu Kamtedza. Anali mwamuna wa mapewa otakata, wosalankhulalankhula, ndipo anali ndi kaokala kake pamphambano. Katundu ankapikula kwa Mayi Mtalika, mwini holoselo ya pamsika.

Mayi Mtalika anali ndi kachitidwe kawokawo. Munthu wachilendo akafuna katundu wa ngongole sankamukaniza, komanso sankamupatsa zimene wapempha. Ankamupatsa paketi imodzi ya machesi n'kumuuza tsiku lobweretsa ndalama. Akabweza pa tsiku lakelo, ulendo wina ankatenga machesi ndi mchere. Kenako sopo, kenako shuga. Mafuta ophikira ankabwera patapita zaka. Amene wakwera makwerero onsewo ankaloledwa kukhala pabenchi la m'kati, kuseri kwa kauntala, pomwe ena onse ankaimirira panja padzuwa. Anthu a pabenchi ankatenga katundu wodzaza ngolo osalipira ndi tambala yomwe, ndipo pobwera kudzabweza ankalandira basera: shuga wa ana, sopo wa mayi kunyumba, ndipo pa Khirisimasi ambulera yaikulu yobiriwira.

Yotamu anayambira pa machesi ngati wina aliyense, ndipo sanaphonyepo tsiku. Chaka china mvula inakokolola mlatho tsiku lobweza litakwana. Iye anakulunga ndalama m'jumbo, n'kuzimangirira pamutu, n'kuwoloka madzi akumulekeza m'khosi. Mayi Mtalika atamuona ali matope okhaokha anamudzudzula kuti akanadikira madzi aphwe. Yotamu anangoti madziwo sanakongole kanthu, wakongola ndi iye. Anthu otere sabadwa kawirikawiri.

Tsiku lobweza ankavala jekete lake lofiirira, la zigamba m'zigongono. Ankati ndalama ya mwini umaiperekeza kwawo ngati mlendo wolemekezeka.

Tsono Yotamu anali ndi mng'ono wake, Bizaliele, munthu woonda ngati nzimbe ya pachulu, amene ntchito yake inali bawo pansi pa mtengo wa mango. Ali pamenepo ankaona mkulu wake akudutsa m'mawa atavala jekete, masana n'kubwerera pambuyo pa ngolo yodzaza. Ndalama zimene zinali m'thumba la jeketelo sankaziona. Zaka za machesi ndi mchere sankazikumbukira. M'mutu mwake zinangokhazikika kuti chimene chimakoka katundu ndi jekete.

Yotamu anadwala nthawi yaitali. Abale ake, a magazi amodzi, sanabwere kudzamuzonda ngakhale ndi nthochi yomwe. Koma tsiku la maliro anafika onse, matumba opanda kanthu atawapinda m'khwapa, akulira mokweza kuposa namfedwa. Pometa, wina ananyamula mpando, wina wailesi, wina khasu lenileni lolimira ana amasiye. Bizaliele sanayang'ane zonsezo. Analunjika pamsomali pamene panali jekete.

Mkazi wa malemu, aNangozo, anamuuza mwaulemu kuti jeketelo mwini wake anasiyira mwana wake woyamba, Elifala.

"Alamu, ine sindikulanda ayi," anatero Bizaliele, mkono umodzi uli kale m'kati. "Ndangobwereka. Sabata likubwerali mulipeza pakhomo pano."

Elifala, amene anali kale mnyamata wandevu, anadzuka kuti amuvule, koma mayi ake anamugwira padzanja n'kumuuza kuti pamaliro salimbirana nsalu. Sabata lija linafika n'kupita. Linafika lina, nalonso n'kupita. Mwezi unaoneka, n'kufa. Jekete osabwera.

Bizaliele anali ndi zokonza. Anauza anzake a pabawo kuti malo a mkulu wake pabenchi tsopano ndi ake, ndipo amene akufuna mthunzi wa ambulera yobiriwira ayambiretu kumulemekeza. Anauza mkazi wake kuti aitane anthu a m'mudzi abwere ndi makapu awo Lachisanu masana, kudzamwa tiyi wa shuga wa basera. Kenako anapita kwa Gelesomu, mkulu wina amene anali ndi ngolo ya abulu, n'kupangana naye kuti akanyamule katundu, malipiro adzaonana malonda akayamba.

Vuto linali limodzi. Jekete linasokedwera mapewa a Yotamu, ndipo pa Bizaliele linkaoneka ngati thumba la chimanga lovekedwa pamtengo woopsezera mbalame. Iye sanagwe mphwayi. Anapinda manja ake, m'mapewa n'kulongamo sanza, m'chiuno n'kumangamo luzi cham'kati kuti lisatsike. Malaya abwino analibe, choncho anaganiza kuti munthu wa jekete safunsidwa za m'kati. Anangolivala pathupi, n'kulitseka mpaka m'khosi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Atafika pamsika anakankha anthu amene anali pamzere, n'kuzungulira kauntala, n'kukhala pabenchi, pamalo penipeni pamene ankakhala Yotamu. Mayi Mtalika anayang'ana jeketelo nthawi yaitali, maso awo n'kulenga misozi, chifukwa ankalidziwa chigamba chilichonse. Anamupepesa maliro. Bizaliele ataona misoziyo mtima unamugunda ndi chimwemwe, poganiza kuti mankhwala a jekete ayamba kugwira. Anapingasa miyendo n'kuyamba kuitanitsa: matumba a shuga, zigubu za mafuta, makatoni a sopo. Anawonjezera kuti basera amupatsiretu, ndi ambulera yomwe, poti Khirisimasi ili kutali koma dzuwa lili pompano.

Mayi Mtalika anapukuta m'maso n'kumufunsa kumene anayamba wakongolako, kuti amve mbiri yake.

Apa Bizaliele anadziguguda pachifuwa, sanza za m'mapewa n'kugwedezeka. "Mayi, mwafunsa bwino. Ine chibadwire sindinakongolepo munthu, ngakhale singano. Dzina langa ndi loyera ngati pepala latsopano."

"Nanga papepala loyera ndiwerengapo chiyani, bambo?"

Anamufotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana, kuti kutenga amadziwa aliyense, ngakhale khanda limadziwa kufumbata. Chimene iwo amafuna kudziwa ndi chakuti kodi miyendo ya munthu imaidziwa njira yobwerera. Ndipo zimenezo sizidziwika ndi pakamwa, zimadziwika ndi machesi.

Bizaliele anaona kuti mayiyu sakumvetsa kukula kwa ulemu wake, choncho anatuluka kukaitana mboni. Anabwera ndi Gelesomu, chikoti chili m'manja, n'kumuuza kuti anene zoona zokhazokha pamaso pa anthu: kodi anayamba wamuonapo iye akukongola?

"Zimenezo n'zoona, mayi," anatero Gelesomu atavula chipewa. "Awa sakongola. Fodya amangotenga, mowa amangomwa wa anzawo, njinga amangokwera. Mawu oti ndibweza sindinawamvepo pakamwa pawo."

Bizaliele anagwedeza mutu monyadira n'kuyang'ana anthu a pamzere kuti amve okha. Anthuwo anali atagwira pakamwa.

Mayi Mtalika anatambasula dzanja n'kuika paketi ya machesi pakauntala. Anati ayambire pamenepo, monga anayambira mkulu wake. Bizaliele anaiyang'ana ngati amutukwana. Iye wabwera ndi ngolo ya abulu awiri, kumudzi madzi a tiyi ali pamoto, ndiye abwerere ndi kanthu kolowa m'thumba? Thukuta linkayenderera m'jekete, luzi likumuluma m'chiuno. Apa m'pamene anatulutsa mpeni umene anaubisa.

"Chabwino, dzina langa lisiyeni. Lembani la akulu anga. Tinayamwa bere limodzi, ndipo banja lawo lili m'manja mwanga tsopano. Mukandikaniza ine, mwakaniza ana amasiye a Yotamu."

Mayi Mtalika sanamukanizepo Yotamu kanthu ali moyo, ndipo kumukaniza atagona kunkawalemera. Ananu, pamenepa m'pamene panali poopsa. Akanavomera, dzina limene munthu analimanga ndi machesi, mchere ndi kuwoloka mitsinje likanathera pabawo mwezi usanathe, ndipo ngongole yake ikanakagogoda pakhomo pa mayi wamasiye amene analandidwa ndi khasu lomwe. Mayi Mtalika anapuma mozama n'kulamula kuti thumba limodzi la shuga litulutsidwe kaye. Bizaliele anasisita kolala ya jekete ngati akusisita galu wosaka amene wagwira nyama.

Thumba lisanafike pakhomo, analowa aNangozo, Elifala ali pambuyo pawo. Sanabwere kudzafuna mlamu wawo, sankadziwa n'komwe kuti ali kumeneko. Anagwada pang'ono, n'kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje, n'kuika ndalama pakauntala. Anati malemu ali gone anawauza kuti kwatsala mtengo wa katoni imodzi ya sopo, ndipo tsiku lake ndi lero. Anagulitsa nkhuku zawo, zimene zinapulumuka tsiku lometa chifukwa zinali kutchire abale akugawana zinthu.

Mayi Mtalika anakankha ndalamazo, nati ngongole imeneyo inapita ndi maliro.

"Iwo anati mukadzatero ndidzakuuzeni kuti imfa si imene inakongola," anatero aNangozo.

Mayi Mtalika analandira ndalamazo ndi manja awiri. Ndi pamene aNangozo anatembenuka n'kuona jekete la amuna awo lili pabenchi, m'kati mwake muli munthu amene ankayesetsa kumira kuti mutu usaoneke. Sanakweze mawu.

"Mwaswera bwanji, alamu? Paja munati Sabata."

Mayi Mtalika anafunsa kuti Sabata lake liti, ndipo aNangozo anafotokoza mwachidule, osawonjezera kapena kuchotsa. Mayi Mtalika anakweza dzanja, thumba la shuga n'kubwerera kumene linachokera.

"Ndiye kuti munabwerekapo, bambo. Kamodzi kokha pa moyo wanu wonse, kwa mayi wamasiye, ndipo mwabwera kuno mutavala umboni wake. Pepala lanu lija si loyera ayi. Ndaliwerenga."

Bizaliele anadzambatuka kuti adziteteze. Anati Sabata sanatchule kuti liti, Masabata ndi ambiri ndipo ena akubwerabe. Anakweza manja onse awiri kumwamba kuti alumbire pali Mulungu, ndipo pomwepo luzi lija linaduka. Batani lokhalo lolimba linathothoka n'kukagunda sikelo. Atatsitsa manja, jekete linatsetsereka m'mapewa ngati khungu la njoka, sanza n'kumwazika pansi: chidutswa cha chitenje cha mkazi wake, sokosi imodzi, ndi thewera lakale la mwana. Pakati pa zonsezo panaima Bizaliele, nthiti zili pamtunda zoti mwana n'kuphunzirirapo kuwerenga.

Elifala analiwakha jeketelo lisanagone bwino pafumbi. Analikutumula, n'kulipinda mosamala, n'kuliika m'khwapa.

Mwina mukuganiza kuti Mayi Mtalika anauza Elifala kuti akhale pabenchi la bambo ake. Ayi. Anamukankhira paketi ya machesi ija, n'kumuuza kuti benchi silikhala cholowa, aliyense amafikapo ndi miyendo yake. Elifala sanakhumudwe. Analandira machesiwo ndi manja awiri ngati akulandira ng'ombe, n'kufunsa tsiku lobweza. Atafunsidwa chifukwa chake sakuvala jekete, anati lero wabwera kudzatenga, adzalivala tsiku lodzapereka. Panopa ali pa shuga. Benchi akuliona chapatali, koma tsiku sanaphonyepo, ndipo jekete likumukwana.

Bizaliele, manja atafumbata pachifuwa, anafunsa ndi mawu aang'ono ngati nayenso angatengeko machesi aja. Mayi Mtalika anati makwerero ake iye akuyambira pansi pa machesi: akalipire kaye ngolo ya Gelesomu, ndipo Gelesomuyo adzabwere yekha kudzanena. Gelesomu naye anakana kumukweza, nati abulu ake sanyamula munthu amene sabweza. Choncho ngolo inabwerera kumudzi ili gwengwerere, yopanda kanthu, mwini katundu akuitsata pambuyo wapansi, chifuwa chili pamtunda.

Kumudzi anthu anali atakhala kale pabwalo, aliyense kapu yake m'manja, ena atabwera ndi ana omwe. Madzi anali atawira, n'kuphwera, n'kuwonjezeredwa. Ataona ngolo anaimirira, amayi ena n'kuyamba nthungululu, koma zinathera pakhosi. Mkazi wa Bizaliele anayang'ana m'ngolo, n'kuyang'ana nthiti za mwamuna wake, ndipo sanafunse za shuga kapena ambulera. Anangofunsa kumene wasiya jekete limene anachoka nalo m'mawa.

Nthawi yomweyo aNangozo ankadutsa panjira ndi mwana wawo, machesi ali m'manja, jekete lili m'khwapa. Iwo anali munthu wa mawu akale, chovala chilichonse ankachitcha nguwo. Sanaime, sanaseke, sanayang'ane n'komwe kumene kunali mlamu wawo. Anangoyankha akuyenda, ndipo anthu a makapu aja anatola mawuwo m'malo mwa shuga n'kupita nawo kwawo:

"Nguwo yobwereka siilimba m'thupi."