Vani Ibwera Lachisanu

Lolemba

Tadala akufika Lamlungu m'mawa. Viza yatuluka, tikiti ili m'manja mwa amayi ku Zomba. Ndinamusiya kwa agogo akewo ali ndi zaka zisanu, lero ali ndi khumi ndi ziwiri, ndipo akuti nsapato tikuvala saizi imodzi.

Ndamulonjeza pafoni kuti adzakhala ndi chipinda chakechake ngati ana akuno. Chipindacho chilipo ndithu, kungoti chitseko chimatseguka theka. Chilowereni m'fulati muno ku Croydon, chilichonse chomwe timati "tidzatumiza kumudzi" chimaponyedwa mmenemo. Sitinatumizepo ngakhale supuni.

Ndaimbira a bungwe lachifundo lija lili ndi shopu ya kaunjika pafupi ndi pokwerera sitima ya tramu. Amabwera okha ndi vani kudzatenga katundu pakhomo, kwaulere. Akuti Lachisanu m'mawa, ndipo zovala ndiike m'matumba akuda.

Zopita:
- sofa yofiirira
- makina a vidiyo ndi makaseti ake
- ayironi ziwiri, ketulo yodontha
- makatani a nyumba yakale
- zovala zonse zomwe zikudikira kuti ndiwonde

Matumba asanu ndi anayi. Ndaona pansi pa chipindacho koyamba, kapeti yake kani ndi yobiriwira.

Lachiwiri

Bambo a Tadala afika kuchokera ku shifiti kunyumba yosamalira okalamba, apeza matumba pakhonde la mkati. Jekete sanavule. Agwada, ayamba kumasula limodzilimodzi ngati wapolisi wa parodibuloko.

Apulumutsa:
- suti ya paukwati wathu, yomwe mabatani ake anasiya kukumana kalekale
- makina a vidiyo ("amangofuna kupukuta mkati basi")
- ayironi imodzi ("ya achimwene ku Balaka")
- ayironi inayo ("nanga yoyambayo ikawavuta?")

Ndawakumbutsa kuti achimwene awowo nyumba yawo ilibe magetsi. Akuti mapolo afika kale patreding'i.

Ndawakalipira mpaka tiyi kuzizira. Iwo atapita kukagona, ndatulutsa mwakachetechete chikhoti chomwe ndinatsikira nacho m'ndege, ndi madiresi awiri. Kuwonda kumachitika, ndinaonapo anthu.

Matumba atsala asanu ndi limodzi.

Lachitatu

Ndili ofu. Ndakwera basi kupita ku mapemphero a amayi ku Peckham, kwa Mayi Tembo a ku Chipata aja, omwe tonse kuno timawatenga ngati mayi athu. Ndi iwo anandipezera pogona nditangofika, ndisanadziwe ngakhale kogula ufa.

Nthawi ya zopempherera ndaimirira. Ndati mwana akubwera Lamlungu, ndipo Lachisanu kukubwera galimoto kudzanyamula katundu yense wakumudzi uja, mundikumbukire kuti ziyende bwino.

Ameni wake sindinamumvepo chiyambire. Amayi ena mpaka kuwomba m'manja. Wina wandifunsa ngati galimotoyo ndi yaikulu, ndati inde, ndi yonyamula mipando. Wina wafunsa ngati amalipiritsa pa kilo, ndati ayi, zonse ndi zaulere. Andiyang'ana ngati ndachiritsa munthu.

Ndabwerera mtima uli m'malo. Anthu awa amandikonda.

Lachinayi

Ndafika kuchokera kuwodi miyendo ili ndi moto, ndakankha chitseko, sichikutseguka bwino. Zikwama! Zikuluzikulu zija zamizeremizere, khumi ndi chimodzi, zomangidwa ndi selotepi, chilichonse ndi pepala lake. "Agogo Nabanda, Ntcheu." "Esnart, Ndirande, pafupi ndi chigayo." "Abusa opuma, Dedza, MUSAPANIKIZE."

Amayi a ku mapemphero aja amva kuti ndikutumiza kontena kumudzi.

Bambo a Tadala akuti belu linayamba kulira cha m'ma teni, iwo amangolandira. Akuti amayesa ndi pulani yanga, ndipo mapulani anga anaphunzira kusawafunsa.

Ndisanavule yunifomu, Mayi Tembo atulukira pamasitepe ndi zikwama ziwiri, wefuwefu, atakwera nazo mabasi awiri. "Mwana wanga, ivi ni va ba sister ku Chipata. Vikafika pa Lilongwe ni pafupi chabe, bazabwela kutenga."

Ndawakhazika pansi, ndawapatsa madzi, ndafotokoza mwaulemu wonse kuti galimotoyo ndi ya bungwe, katundu akagulitsidwa m'shopu konkuno kuti athandize ovutika. "Upasa bazungu? Na babululu, babale bako, uli nabo?" Kenaka aseka, andisisita paphewa. "Iwe na ma jokes. Uzaona mochitila, ndiwe wanzelu."

Ndimati ndiwauze kuti abwerere nazo. Pakamwa panga patuluka "muyende bwino, amayi."

Madzulo ndakanda khadi loimbira kumudzi. Amayi asanandiyankhe n'komwe moni akuti amva za kontena, amalume akufunsa ngati njinga ingakwane. Nkhani yafika ku Zomba tsiku limodzi, pomwe kalata yanga imayenda milungu itatu. Tadala wabwera pafoni. "Ndili bwino, kaya inu. Inde. Inde. Zikomo." Amandiyankha ngati ndine mphunzitsi wamkulu.

Lachisanu

Vani yafika nthawi yake. Azibambo awiri aulemu, wina wa imvi, wina wa ndolo.

Sofa: aigadabuza, akusakasaka pansi. Akuti payenera kukhala kachikwangwani kosonyeza kuti siigwira moto msanga, popanda kameneko lamulo silikuwalola kuitenga. Kachikwangwaniko ndikukakumbukira bwino. Ndinakadula ndi sizasi tsiku lomwe tinagula, kuopa kuti alendo angati tikuonetsera mtengo. Ndauza wa imviyo kuti sofayi yakhala nafe zaka zisanu sinapsepo. Wavomereza kuti ndi sofa yabwino, waibweza pomwe inali.

Ketulo: zamagetsi satenga.

Makatani: bambo a Tadala anawabisa kuseri kwa wadirobu, ndadziwa vani itapita.

Ndili pakati pokambirana za sofa, ndaona pawindo wa ndolo uja akukweza chikwama cha ku Chipata. Ndatsika masitepe ndi silipasi imodzi. Ndachigwira mbali ino, iye mbali inayo, osamvetsa kuti mayi yemwe anawaitana ndi yemweyo akulanda. Ndikanawauza chiyani Mayi Tembo atapeza diresi la achemwali awo pawindo la shopu?

Munthu sangakunyamulire katundu n'kuchoka kukamwa kuli gwa. Amwa tiyi ataimirira. Vani yanyamuka ndi matumba atatu ndi mandasi asanu ndi atatu.

Lolemba m'chipindamo munali matumba asanu ndi anayi. Lero muli zikwama khumi ndi zitatu, matumba atatu, ndi sofa.

Loweruka

Ndaimbira eni zikwama kuti adzatenge. Awiri ali pa shifiti mpaka Lachiwiri. Mmodzi akuti kwake kulibe malo, ndi chifukwa chake anabweretsa. Esnart wa ku Ndirande wauzidwa kale, akuti wayamba kuyeza ana mapazi. Mtsikana wina wophunzira ku Greenwich wabwera ndi katoni ya mabuku, sanamve kuti kontena kulibe. Nkhope yake yandimvetsa chisoni, ndalandira.

Bambo a Tadala asanja zonse mpaka kudenga, asiya kanjira kopita pabedi. Akuti ukagona chammbali mpweya ukupezeka.

Ndayala nsalu zatsopano zamaluwa pabedipo, ndakhala pansi, misozi yangoyamba yokha. Za zikwama ndi zazing'ono. Ndikuopa mwana wanga. Zaka zonsezi wamusambitsa ndi wina, malungo wamudikirira ndi wina, ine ndikusamalira amayi a eni kuno. Chinthu chimodzi chomwe ndinamulonjeza ndi pakamwa panga ndi chipinda, ndipo ndalephera kusesa ngakhale chimenecho.

Bambo a Tadala andipeza choncho. Atuluka ndi suti yawo ija, akaiika m'bini ya zovala kumsika. Suti imodzi sinasinthe kanthu m'chipindamo, koma ndawaphikira chambo chomwe ndimasungira Khirisimasi.

Lamlungu

Wafika. Watalika, masaya ndi a bambo ake, kayendedwe ndi ka amayi anga. Ndamukumbatira pabwalo la ndege, iye manja ali m'mbali ngati pa asembule. Wabwera ndi zikwama ziwiri, chimodzi chake, china cha anthu. Ufa wa Mayi Tembo, usipa wa mwana wa Agogo Nabanda, mtedza wa aliyense. Nazonso zalowa m'chipinda chomwecho, kulibe kwina.

Ndamutsegulira chitseko chija, theka lake. Ndati pepa mwanangu, ndinalonjeza chipinda, izi tichotsa, undipatse milungu iwiri. Wayang'ana zikwama, wayang'ana bedi. Ndati basi, wakhumudwa.

"Ndiye ndizigona ndekha muno?"

Ndati inde, ndi chako.

"Kwa agogo timagona atatu. Sindinagonepo ndekha." "M'ndege monse ndimaopa zimenezi, koma munkamveka osangalala pafoni, ndiye ndimachita manyazi kukuuzani."

Bambo a Tadala atenga pilo wawo osauzidwa, alowa chammbali m'kanjira kaja. Akuti aziyang'anira katundu wa anthu.

Zikwamazo zikhale. Mwina tidzapezadi kontena, mwina ayi, ndatopa nazo. Ino ndi thiri koloko masana, Tadala wagona pabedi langa ndi sokosi zake, mwendo wauponya pantchafu panga, ndipo ndikulemba kope lili pabondo linalo. Mwendo wanga wachita dzanzi kalekale, koma sindikusuntha.