Mudzi wonse ndinaulemba kuti ndi zidakwa

Mpaka lero ndikamva dzina loti Embangweni ndimachita manyazi.

Ndinapeza ganyu wa kafukufuku kumpoto kumeneko, wofunsa anthu kuti pa sabata amamwa mowa kangati. Pofunsira ntchitoyo ndinanama kuti Chitumbuka ndimachimva (zoona zake, ine mwana wa ku Dedza, ndinkangodziwa "yewo" basi). Abwana anachenjezeratu kuti wobweretsa manambala abodza abwerera kwawo tsiku lomwelo, ndiye mantha ndinayamba nawo ndisanafike n'komwe m'mudzi.

Vuto ndi loti anthu sayankha ndi nambala, chonsecho foni ya ntchito imafuna nambala. Uyu akuti "pachoko waka" (pang'ono chabe), uyo akuti amalawa pa ukwati pokha, winanso akungoseka mkazi wake akumuyang'ana cham'mbali. Nambalayo ndinkangoyerekeza.

Kenako ndinafika kwa a Jere, mkulu wa mpingo. Mowa anaukana, koma anati chakumwa chawo ndi chindongwa, m'mawa ndi madzulo. Dzina lokhalo, abale, linandimvekera ngati mchimwene wake wa kachasu. Kufunsa kuti n'chiyani ndinaopa, ndingaululike. Ndinalemba kuti amamwa tsiku lililonse. Khomo lotsatira chindongwa, linalo chindongwa, mayi wina mpaka anati ana ake amamwa asanapite kusukulu. Ine kulemba, thukuta kamukamu, ndikuwamvera chisoni anawo.

Abwana ataona manambalawo anati tipitire limodzi akadzionere okha. M'galimoto ndinkapemphera kuti tayala liphulike (silinaphulike).

Kwa a Jere, abwana anafunsa mwaulemu ngati n'zoona kuti amamwa mowa tsiku lililonse.

"Ine, mkulu wa mpingo? Mbwenu walemba zimenezo ndani?" anafunsa a Jere, maso ali pa ine.

Akazi awo analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu ya chindongwa, n'kundipatsa atagwada. Ndinalawa. Thobwa, anthuni. Thobwa lomwe ndakulira.

Ntchito sanandichotse, koma anati ndibwereze mudzi wonse wapansi. Nkhani inali itawanda kale, ndipo khomo lililonse linandiyankha kuti mowa saudziwa. Ngakhale bambo wina amene ndinamupeza akudzandira, atakumbatira mpanda wa mwini, analumbira kuti chibadwire sanalaweko. Ndinamuyang'ana, iyenso anandiyang'ana, ndipo ndinamulembera ziro.