Mkamwini Kuseri kwa Mtengo

Lolemba, Mwadzama

Ulendo wayamba. Cholinga ndi chimodzi: pofika Lamulungu, a Chikadza, amalume a mkazi wanga Nabanda, akhale atavomera chitengwa. Kufakitale ya shuga ku Dwangwa andipatsa nyumba ya anthu apabanja, ya magetsi ndi mpopi wam'kati, koma anena mosabisa kuti mwezi uno ukatha banja lisanalowemo, makiyi apita kwa wina. Nabanda ndi ana sangasamuke pamudzi pano mwinimbumba asanalole.

Nzeru yanga: kuwayendetsa akuluakuluwa m'malo a mbiri yakale, mitima ifewe. Lachinayi, patsinde pa mtengo wotchuka wa ku boma uja, achimwene a Lufeyo, nkhoswe yanga, atule nkhaniyo. Ine mkamwini sindiyankhulapo. Yanga ndi kuoneka munthu wodalirika.

Zomwe ndakonza:
minibasi ya hayala
wotilondolera, a Saidi a ku Linga, mphunzitsi wopuma ntchito
mankhwala a mutu, a m'mimba, a chifuwa
maambulera, ngakhale ndi chilimwe

Chomwe sindinakonze: apongozi anga aakazi akubwera nawo! "Ine mtengowo ndimangoumva," atero, mpango atamanga kale. Chikwatirire sindinakhalepo nawo moyandikana, sindinadyepo iwo akuona. Tikakumana panjira ndimapatukira patchire. M'minibasi mulibe tchire. Iwo kutsogolo ndi Nabanda, ine kumapeto kwenikweni, pa tayala la sipeya, nkhope kuwindo.

Palibe chaonongeka.

Lachiwiri, Benga

Msika. A Saidi akufotokoza za amalonda akale, za mpunga, za mchere. Ndikumva zidutswazidutswa, chifukwa tinjira ta mumsikamu n'tating'ono ndipo kalikonse kakuthera pa apongozi. Ndabisala kuseri kwa matumba a makala. Ndabisala pa kaunjika, mwiniwake n'kundiyesa wogula, ndatulukamo ndi jekete ya dziko lozizira.

Masana pa Chia, chambo chowotcha. Malo odyerawo ndi chipinda chimodzi. Onse m'kati, ine kuseri kwa minibasi, mbale pa bampala, agalu awiri akundiyang'anira.

Nkhani yabwino: achimwene akhala pafupi ndi amalume tsiku lonse monga tinapangana. Nkhani yokayikitsa: azindikira kuti onse ndi akatswiri a bawo. Zachitengwa sanazikhudze, koma amalume akuwaitana kale "mnzanga". Ndikuganiza kuti zimenezi n'zothandiza. Ziyenera kukhala zothandiza.

Lachitatu, Mawira

Akasupe otentha. Ndinawerengapo za malowa ndili ku koleji ndipo ndabweretsa choyezera kutentha, kuti amalume aone kuti sukulu sinapite pachabe. Njira yotsetserekera kumeneko ndi imodzi. Pakati pa njira apongozi akumana ndi mnzawo wa kumvano, akhala pansi pomwepo, ayamba kuwerengerana maliro onse a chaka chino.

Ndapatukira m'munda wa chinangwa. Ndadikira. Ndalowa m'kati pang'ono kuti ndiwazembe. Chitedze!

Madziwo sindinawaone. Amalume akuti ndi otentha zedi, bondo lawo lamasuka. Ine khosi, mikono ndi msana zikuyaka, koma mkamwini sakanda thupi pamaso pa akuluakulu. Ndakhala chowongoka ngati msilikali mpaka kunyumba yogona alendo. M'chikwama cha mankhwala mulibe chilichonse cha chitedze. Chaka chamawa chidzakhalamo.

Mawa ndiye tsikulo. Ndawakumbutsa achimwene. "Iwe, nkhani ya banja imafuna mpata," atero, maso ali pa bawo.

Lachinayi, ku boma

Mtengo uja. Waukuludi, ndavomera. Apongozi akhala pamuzu wa kum'mawa, ine ndaima kumadzulo, thunthu pakati. Mawu a a Saidi akundipeza mozungulira: zombo, minyanga ya njovu, mzungu woyendayenda amene anakhala pano ndi mafumu. Kenaka apongozi afuna kuuzungulira mtengowo kuti aone kukula kwake. Iwo akasuntha, ine ndasuntha. Iwo akaima, ine ndaima. Tauzungulira bwinobwino osaonana. Ndikunyadira ndithu.

Onse akhala pansi. Ndamva achimwene akukonza kukhosi. Nthawi yakwana! Koma a Saidi sanamalize: ayamba za akapolo, momwe ankawasonkhanitsira padoko pano, kuwaolotsa nyanja, osabwereranso. Ndikumva apongozi akusisima. Inenso kuseri kuno zandikhudza, sindinama.

Kenaka amalume, pang'onopang'ono: "Palibe chowawa ngati kumuchotsa munthu kwawo. Mwana azikhala pomwe pali mchombo wake."

Achimwene ameza mawu awo. Ndawamva akumeza.

Sindikugonja. Sabata sinathe.

Lachisanu, Linga

Zokaona mzikiti ndinaziika masana. Masana a Lachisanu! Ine yemwe ndimayeza kutsekemera kwa nzimbe mpaka kadontho, kuiwala tsiku la mapemphero a Ijumaa. A Saidi atisiya pamthunzi mwaulemu, apita kukaswali. Tadikira tikudya zitumbuwa, ine zanga kuseri kwa mpanda.

Atabwerako atilowetsa: nsapato panja, abambo khomo lawo, amayi lawo. Ha, mtendere wake! Koyamba sabata ino ndaponda pansi osasuzumira kumbuyo. Anthu amenewa anaganiza bwino.

Kenaka mabwinja a mzikiti wakale ndi manda a mafumu a nthawi ya malonda. Ndawakodola achimwene. Akuti nkhani ya ukwati satulira pamanda, ndipo apa akunena zoona.

Nabanda wandipeza ndikukhula msana pangodya ya khoma. "Bambo a Tadala, mwaonda. Ulendowu mwatiitanira ndi womwe mwakwera inuwu?" Ndamuuza kuti zonse zikuyenda monga mwa dongosolo. Waseka mpaka kugwira khoma.

Loweruka, Dwangwa

Chida chomaliza: nyumba yeniyeniyo. Aione ndi maso. Ndakolopa, ndapachika makatani, ndagula mabanzi ndi majarini.

Apongozi alowa, ndiye ine ndatsala panja. Nyumba yanga yomwe! Ndakhala pa ndowa pansi pa windo. Ndikumva mpopi ukutsegulidwa, kutsekedwa, kutsegulidwanso. Getsi kuyaka, kuzima. "Zabwino izi," atero apongozi.

Tsopano achimwene ayamba. Ayambira patali monga mwa mwambo, kundiyamikira: mwana uyu ndi waulemu, sabata yonse mwadzionera, kudyera kuseri, kulowa m'chitedze, kuzungulira mtengo. Akokera. Akokerabe. Mawu oti chitengwa ali pafupi kutuluka, amalume awadula.

"Mnzanga, musavutike, taona tokha. Mkamwini wotere masiku ano sapezeka. Timutaye kunzimbe kuno kuti atitengere ena? Ayi. Malo timupatsa kwathu, amange, ana athu aphunzireko ulemu."

Ndadikira nkhoswe yanga ibweze mawu. Ndamva m'manja. Achimwene akuomba m'manja! "Zikomo kwambiri, mwatilemekeza."

Ndagwa pa ndowa.

Lamulungu, Mwadzama

Tachoka kutchalitchi, andionetsa malowo. Pabwino, pali mango, dothi lake loumbika njerwa. Kumpoto kwake, moyandikana kwenikweni, nyumba ya apongozi. Njira ya kumjigo ndi imodzi.

Achimwene akwera basi, amalume atawapatsa tambala. Akuti tidzayesenso chaka chamawa, nkhani ya banja safulumira nayo. Makiyi ndikabweza mawa, ndibwerere kuchipinda changa chakale cha mbeta kufakitale. Nabanda akuti iye mpopi anaukonda, koma sanaonepo amayi ake akusangalala chonchi. Apongozi auza mudzi wonse kuti ulendo wotsatira ndi wa ku Mua, ndipo wokonza ndine.

Zomwe ndaona pa ulendo wa mbiri yakale:
tayala la sipeya
makala
chinangwa
mtengo wotchuka, mbali ya kumadzulo

Dzuwa lapepa. Ndabwereka khasu. Ndayendera njira ya kumjigo mbali zonse ziwiri, ndazula chitedze chonse, ndipo ndikulambula kamalo kosalala pambali, pomwe ndizipatukira. Ndiikapo ndi kampando.