Mapulasitala a Mutu wa Bambo a Tadala

Lolemba
Amuna anga, bambo a Tadala, abwerako ku Lilongwe. Anawang'amba mutu n'kuchotsa chotupa mu ubongo. Mulungu ndi wamkulu! Adokotala andipatsa mapulasitala asanu ndi awiri oletsa ululu. Malamulo: imodzi patsiku, kumata pambali pa bala osati pabala penipeni, kumatula madzulo. Odwala agone, fodya asamuyandikire. Sabata ino wolamula pano ndi ine.

Lachiwiri
Pulasitala ikugwira ntchito mopyola muyeso. Ululu zii! Ndawapeza m'chigafa akusankha fodya, bandeji ili kumutu. "Ndachira ine, mayi a Tadala." Ndawabweza ngati mbuzi yothawa m'khola.

Lachitatu
Odzazonda matenda adzaza khonde. Bambowa akutamanda pulasitala kuposa adokotala amene anawang'amba. Apongozi anga akusisita bondo uku akuusa moyo: "Ife okalamba atikumbuka ndani?" Mwana angamane amake? Imodzi yapita.

Lachinayi
Ndabisa otsala m'chitini cha mbewu. Awapeza! Adula imodzi pakati:
theka kwa a mkulu wa mpingo, msana;
theka kwa alamu a ku Mtunthama, dzino. Amata patsaya!
Akuti, "Wodzazonda sabwerera chimanjamanja." Ndakwiya koopsa, koma pamaso pa alendo ndikungomwetulira.

Lachisanu
Yatsala imodzi. Ndinagona nayo pamfundo ya chitenje. M'mawa ndawamata ndekha, ndatsindira ndi chala. Sindigonja ine. Masana kumutu kulibe kanthu. Ndayipeza pamwendo wa ng'ombe ya pangolo! Akuti ikutsimphina, ndipo mabelo a fodya sadzinyamula okha.

Loweruka
Ululu wabwerera ndi ukali wake wonse. Ndakwera kabaza mpaka kuchipatala chathu. Akuti mapulasitala otere kuno kulibe, andipatsa timapilitsi. Pobwera ndakumana ndi apongozi akuchokera kudimba, akuyenda tswa tswa ngati namwali.

Lamulungu
Onse apita kutchalitchi, misana ili njo. Ine ndatsala, ndikuwapukuta amuna anga thukuta ndi kansalu konyowa. Ndimafuna ndiwakalipire, koma akubuula ngati mwana, ndipo chisoni chandigwira. Andigwira dzanja: "Mayi a Tadala, kodi ng'ombe ija ikuyenda bwino?" Ndayankha kuti eya. Sanadzuke tsiku lonse, za fodya sanatchule n'komwe. Zimene ndalephera ine sabata yathunthu, mutu wazitha tsiku limodzi.