A Lorenso ndi Nyanja Yawo ya Pabalaza

Kwa Malemia kuno aliyense wamkulu amawakumbukira malemu a Lorenso Nyakamera, bambo amene anamanga nyanja yamchere pabalaza, pakati pa kabati ya mbale ndi wailesi. Sikuti ankaweta makakana, nsomba zathu za mumtsinje zija, m'beseni ayi. Inali nyanja yeniyeni, ya nsomba zake, mchenga wake ndi miyala yake yophuka ngati maluwa, m'dziko lathu lino lotentha mpaka nkhuku kuyenda kukamwa kuli yasa.

A Lorenso anagwira ntchito zaka makumi awiri pa hotela ina ku Beira. Anayamba ndi kutsuka mbale, kenaka anawapatsa ntchito yosamala thanki yagalasi ya nsomba zam'nyanja imene alendo ankaonerera akamadya. Atapuma ntchito, anzawo ankabwerera kwawo ndi njinga zamoto ndi malata. Iwo anatsika lole ndi magalasi asanu okulunga m'mabulangete, kapampu, ndi thumba limodzi la mchere limene analinyamula pachifuwa ngati khanda.

Akazi awo, mayi Justina, anali atagulitsa nsomba pamsika zaka makumi atatu. Kwa iwo nsomba inali ndi mafunso awiri basi: yagwidwa liti, ndipo ikwana mumphika uti. Anayang'ana magalasi aja, nayang'ana amuna awo.

"Bambo a Tamanda, mawindo onsewa tiika pati? Nyumbayi ili nawo kale."

"Si mawindo awa, mayi a Tamanda. Muno mukhala nsomba."

"Zogulitsa?"

"Zoona."

"Zoona ndiye kuti chiyani? Zina zija n'zabodza?"

"Zoonerera. Mukhala pampando, muziziyang'ana."

Mayi Justina anangopita kukasonkha moto. Anali atakhala nawo nthawi yaitali bambowa, ndipo ankadziwa kuti akayamba kuyankhula motsitsa mawu choncho, nkhaniyo yatha kale.

Vuto loyamba linali la mchere. Tsiku lina mchere wakukhitchini utatha, mayi Justina anatapa pang'ono m'thumba la ku Beira n'kuthira m'therere. Thererelo linawawa ngati mankhwala a malungo. A Lorenso atamva kumene kwachokera mcherewo, anasiya kudya, napita kukayeza thumba lija ndi dzanja.

"Mwatapa kangati?"

"Kamodzi. Mukudandaula mchere, therere langa lawonongekali simukuliona?"

"Therere limamera kuseri kwa nyumba. Mchere uwu muli zinthu zimene miyala ija imadya. Wa kugolosale ulibe."

"Miyala imadya," anatero mayi Justina, akuuza khoma.

Anthu atamva kuti a Lorenso akufuna madzi amchere, anasangalala, poti mjigo wa kumunsi kwathu umatulutsa madzi amene ngakhale mbuzi imanunkhiza n'kubwerera. Amayi anabwera ndi ndowa zisanu ndi imodzi, mphatso. A Lorenso anaviika chala m'ndowa iliyonse, nalawa, nkhope ili ngati ya dokotala.

"Takhuta, amayi, zikomo ndithu. Koma awa ndi madzi odwala. Nyanja siimva choncho."

Iwo ankafuna madzi amvula okha, osefa kawiri, n'kusakaniza ndi mchere wawo uja m'diramu. Anali ndi kachipangizo ka muvi koyezera mchere, koma sankakakhulupirira kwenikweni. Akayeza, ankalawanso, ndipo kakasemphana ndi lilime lawo ankakagogoda patebulo kuti kaganizenso bwino.

Thanki itaima, anathira mchenga woyera, naika miyala yazibowozibowo imene mlamu wawo Maliko, mchimwene wa mayi Justina woyendetsa lole ya ku Beira, anabweretsa m'chigubu itanyowa. Analiza pampu. Ndiye basi. Sabata yoyamba inatha, yachiwiri, yachitatu, nsomba osaoneka. Komabe anthu ankabwera, chifukwa mbiri inali itafika mpaka kudoko.

A Augustino, mnansi wawo, msodzi wa ku Shire kuyambira ubwana, anakhala pampando ola lathunthu maso ali pagalasi.

"Achimwene, zabisala kuseri kwa mwalawo?"

"Nkhabe, ayi, mulibe nsomba. Madzi akupsa kaye."

"Madzi amapsa ngati mango?"

"M'miyalamo muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Tikachuluka, ndi timene tizidya zonyansa za nsomba. Mukafulumira kuika nsomba, zifa ndi chimbudzi chawo chomwe."

"Ndiye pano mukuweta zinthu zosaoneka."

"Eya."

"Mukuzidyetsa?"

"M'mawa uliwonse."

A Augustino anadzuka mwaulemu, natsazika. Atafika panja anauza mayi Justina monong'ona kuti ku chipatala amathandiza matenda oterewa akakhala oyamba kumene.

Kumsika kunali kovuta. Azimayi anzawo ankawafunsa mayi Justina kuti mulu wa miyala akugulitsa bwanji lero. Tsiku lina anatopa nazo, nabwera ndi kamakakana kamoyo m'kachitini.

"Ponyanimo aka. Nyumba ya wogulitsa nsomba isakhale ndi thanki ya miyala."

"Kameneka n'ka mumtsinje. Kafa musanavule nsapato."

Koma a Lorenso anakayang'ana kansombako, nako kanawayang'ana. Anakaika m'ndowa ya madzi wamba, ndipo tsiku lililonse ankawonjezera supuni ya mchere, n'kumakalankhula Chipwitikizi kuti kazolowere za kunyanja. Patatha masabata awiri anakalowetsa m'thanki, ndipo kanasambira ngati kanabadwiramo. Anakatcha Kapitawo, chifukwa kankazungulira uku ndi uku kuyendera miyala popanda ntchito ina iliyonse. A Augustino anabwera kudzaona, nati m'moyo wawo wonse anali asanaonepo makakana wopita kusukulu.

Mwezi wachiwiri uli kumapeto, Maliko anafika ndi bokosi lozizira. Munali tinsomba tiwiri ta mtundu wa lalanje ta mizere yoyera, nkhono zinayi zodya ndere, ndi timiyala tisanu ta makorali, amene ndi zamoyo zomera pamwala. A Lorenso anaika matumba apulasitiki amene zinabweramo pamwamba pa madzi ola lathunthu, akudonthezeramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono. Anthu anadzaza pakhonde mpaka pazenera. Makorali aja atatambasula, ena obiriwira ngati msipu, ena ofiirira akugwedezeka ndi madzi, pabalaza panangoti zii.

Mayi Justina anawerama, manja ali m'chiuno.

"Timeneti ngakhale mutandipatsa makumi awiri, sitikwana mulu."

Koma sanachokepo. Ndiwo zinapserera kukhitchini tsiku limenelo.

Kapitawo yekha ndi amene sanakondwe ndi alendo. Anathamangitsa tinsomba tija, nafukula mchenga, nagubuduza korali mmodzi. A Lorenso anamuitanira pagalasi n'kumuuza kuti wapuma ntchito. A Augustino anati amupatse iwo, ali ndi tomato kunyumba. Amene anakana ndi mayi Justina, munthu amene anali atatumbula makakana osawerengeka. Anamupatsa beseni lawo lalikulu lochapira, ndipo anakhala m'menemo pakhonde mpaka kukalamba.

Kenaka kunabwera Okutobala. Inu mukudziwa mmene kumakhalira kuno, phula kufewa pamsewu, mphepo kumaomba ngati yochokera mu uvuni. Makorali safuna kutentha. A Lorenso anachotsa fani kuchipinda n'kuilozetsa pamadzi, iwo ndi akazi awo n'kumagona thukuta lili kamukamu. Ndiye Lachiwiri lina m'mawa magetsi anazima dera lonse, ndipo kunamveka kuti mapolo agwa, patenga masiku.

Pampu inaima. Pofika masana tinsomba tija tinali pamwamba tikupuma movutika, makorali atafota. Mayi Justina anawaona amuna awo ataima pakati pabalaza, kwa nthawi yoyamba alibe choti anene. Anamanga chitenje, natuluka.

Anayamba kwa a Augustino, amene anabwera ndi pampu ya njinga n'kulumikiza kapaipi. Anapita kumsika n'kuuza azimayi aja omwe ankawaseka kuti aliyense abwere ndi lichero. Anakafika kwa mayi wogulitsa mafirizi, amene firiji yake inali ikusungunuka kale, natenga onse otsala. Dzuwa litayamba kupendeka, m'nyanja ya a Lorenso munkayandama mafirizi ofiira ndi achikasu omangidwa bwinobwino m'mapepala apulasitiki, azibambo akusinthana kupopa mpweya, azimayi akupepesa madzi ndi malichero ngati akupeta mapira.

"Mwana wanga atadwala malungo sindinamukupize chonchi," anatero mayi wina.

"Kupizani, musalankhule," anatero a Lorenso, mawu atabwerera. "Inu a Augustino, mukupopa ngati mukupopa tayala. Pang'onopang'ono. Nyanja sithamanga."

"Ine ndakhala ndikupha nsomba zaka makumi anayi," anayankha a Augustino akupukuta thukuta. "Lero ndikuzipumira. Anzanga kudoko asamve."

Zinatenga masiku atatu. Maliko anabwera ndi ayisi kuchokera ku Bangula, mphunzitsi wina anabwereketsa batire ya galimoto. Magetsi atayaka, tinsomba tonse tinali moyo. Korali mmodzi yekha anayera mbuu n'kufa. A Lorenso anamukwirira pansi pa mtengo wa nimu, ndipo azimayi a malichero aja, poti anali atavutika naye, anaimirira pomwepo mwaulemu ngati pamaliro. Mwana wawo Tamanda, namwino ku Blantyre, atamva nkhaniyi anatumiza sola ndi uthenga woti makolo ake asiye kuvutitsa mudzi.

Madzulo a tsiku limene zonse zinatha, awiriwo anakhala pabalaza atatopa.

"Bambo a Tamanda, mundiuze zoona. Mavuto onsewa n'chifukwa chiyani?"

A Lorenso anayang'ana kugalasi.

"Pokufunsirani paja ndinati ndidzakutengani mukaone nyanja. Zaka makumi awiri ndakhala ndikukuitanani. Mumati malo anu pamsika atenga ena."

"Akanatengadi."

"Ndiye ndinaona kuti yosavuta kunyamula ndi nyanjayo."

Mayi Justina anadzuka, natenga kansanza, napukuta zidindo za zala za anthu zimene zinatsala pagalasi.

Anakhala nayo nyanjayo zaka zinayi. Makorali anakula mpaka kugundana, ndipo a Lorenso ankawadula tizidutswa n'kumata pamiyala ina, akuti akutsegula midzi yatsopano. Aphunzitsi ankabweretsa makalasi athunthu. Alendo a maukwati ankayamba adzaona nsomba asanapite kukaona mkwatibwi.

M'nyengo yozizira ya chaka chatha a Lorenso anadwala chifuwa, ndipo sichinawachedwetse. Kuchipatala abusa anabwera kudzapemphera. Ali pakati pa pemphero, wodwalayo anatsegula diso limodzi.

"Mayi a Tamanda."

"Abusa akupemphera."

"Apitiriza. Madzi akaphwera m'thankimo, muziwonjezera opanda mchere. Mchere suuluka, umatsala momwemo. Mukathira amchere, mupha zonse."

"Ndamva."

"Nkhono ikagwa chagada, muziitembenuza. Siitha yokha."

"Ndamva, bambo."

"Pyadidi, zili bwino. Abusa, malizani."

Anamwalira m'mawa mwake. Pamaliro panali anthu ochuluka kuposa mmene nyumbayo inaonerapo, ndipo ambiri polowa kukapepesa ankalephera kudziletsa, maso ankathawira kugalasi.

Chichokereni iwo, kwathu kuno kwachepa phokoso. Mvula ikagwa palibenso munthu wothamanga ndi madiramu akukuwa kuti nyanja ikugwa kumwamba yaulere. A Augustino amabwerabe madzulo n'kukhala pampando wawo, koma alibe wotsutsana naye, ndiye amangouza nsombazo nkhani za kudoko. Bwana wina wa ku Blantyre anabwera kudzapempha thankiyo kuti akaike mu ofesi yake. Mayi Justina anamupatsa madzi akumwa, namuperekeza mpaka pamsewu.

Mwezi wathawu mchere unatsala pang'ono kutha. Maliko anati abweretsa monga mwa masiku onse, koma mayi Justina anati amuna sadziwa kusankha zinthu, apita okha. Anasiya malo awo pamsika m'manja mwa mnzawo, anasiya nyanja m'manja mwa a Augustino ndi malangizo okwana tsamba lonse, nakwera lole.

Maliko akuti atafika ku Beira anawatengera kugombe. Mayi aja anavula nsapato, nalowa mpaka m'mawondo, naima pamenepo nthawi yaitali, mafunde akunyowetsa chitenje. Iye anapita kukakhala patali kuti asawaone nkhope.

Atabwerako, azimayi akumsika anawazungulira.

"Tiuzeni, mwaiona? Ili bwanji?"

Mayi Justina anatula thumba la mchere, nakhala pansi, nayamba kumasula mpango.

"Kukula ndiye ndi yaikulu," anatero. "Koma madzi ake ndi akuda, nsomba sizioneka, ndipo zikuchita kuonekeratu kuti palibe amene amaisamala. Yathu ndi yabwino."