Apongozi Anga ndi Nyumba Yopanda Zipinda

Pali zinthu zimene mkamwini sayenera kuonetsa apongozi ake, ndipo ine ndinaonetsa zonse tsiku limodzi.

Munali m'zaka za m'ma 1980, tikukhala ku Thamesmead, m'dziko la azungu, ine ndi mkazi wanga Tisa, mwana wa ku Chipata amene ndinakumana naye ku Lusaka nditathawa kwathu. Loweruka lina ndinasochera ku Rotherhithe, kumene nyumba zakale zosungiramo katundu wa m'sitima ankazisandutsa mafuleti. Mzungu wogulitsa anandikweza pamwamba penipeni. Chinali chipinda chimodzi chachikulu ngati tchalitchi, njerwa zofiira, mitanda yakuda, mawindo aatali oyang'ana mtsinje. Nkhungu inali itagona pamadzi, maboti akutulukamo mwakachetechete ngati akuchokera kutulo.

Kenaka ndinamva fungo la tiyi. Mzunguyo anati kale ankasungamo tiyi, fungo linalowerera m'matabwa. Ine wa ku Thyolo, zaka zambiri osaponda kwathu, ndinatsinzina n'kuona minda yobiriwira, mvula yowaza, mayi anga ali ndi dengu kumsana. Ndinafunsa ngati tiyiyo anali wa kwathu. Anati n'kutheka (akanavomera ngakhale ndikanati wa kumwezi).

Ndinagula nyumbayo, Tisa asanaione. Atalowa anazungulira n'kufunsa kumene kunali zipinda. Ndinamuuza kuti anthu otsogola masiku ano sadzitsekera m'makoma. Anayang'ana bafa, lomwe linangoima poyera ndi miyendo yake inayi pafupi ndi khitchini, n'kunena kuti, "Amayi akubwera mwezi wamawa. Muwafotokozere nokha za kutsogolako."

Kwathu mkamwini akaona apongozi panjira amapatukira kutchire. Muno munalibe tchire. Koma kudenga kunali chigudumu chakale chokwezera matumba, choncho ndinadutsitsapo chingwe choyanikira zovala, n'kupachika zitenje zonse za Tisa kuzungulira bafa ndi bedi. Zinkagwedezeka ndi kamphepo ka kumtsinje, ndipo ine ndinkaona ngati ndamanga nyumba yachifumu.

Apongozi anafikadi. Ndinkavalira m'bulangeti, ndinkadya choyang'ana kukhoma, kusamba ndinkangodzipukuta kuntchito. Lamlungu lina iwo ndi Tisa atapita kutchalitchi ku Tottenham, ndinatsala ndikunamizira mutu. Ndinadzaza bafa mpaka pakamwa. Nthunzi inakwera m'mitanda, fungo lija linatsika, dzuwa lofooka likuyandama pakhoma. Ndinayamba kanyimbo ka kusukulu ya Sande, ndipo sindikudziwa pamene ndinalekezera. Ndinali kale kwathu, ndikuyenda m'mizere ya tiyi wopanda nsapato.

Iwo akuchokera kutchalitchi kuja, kunagwa mvula. Tisa anaima pagolosale ya pansi, amayi n'kutsogola ndi kiyi. Atalowa anafuna poyanika jasi lawo lonyowa, n'kuona chingwe changa.

Ndinadzuka ndi kulira kwa chigudumu. Zitenje zinkatsika chimodzichimodzi, mosafulumira, ngati mbendera madzulo. Thovu linali litatha kale, madzi ali mbee. Ndinatambasula dzanja n'kugwira chimene chinali pafupi: chivundikiro cha poto (cha poto wamng'ono, kuti ndinene zoona).

Apongozi anatembenuka pang'onopang'ono, anakoka mpando n'kukhala pawindo atandifulatira.

"Mwachoma bwanji, atate?"

"Ndachoma bwino, kaya inu amayi?"

"Bwino. Mtsinje wanuwu ndi waukulu."

"Ndi waukuludi, amayi."

Tinakambirana za mtsinjewo nthawi yaitali. Anafunsa ngati muli ng'ona, ngati umaphwa m'chilimwe, ngati anthu amathirira nawo madimba. Ndinayankha zonse mwaulemu, mano akugundana, madzi atazizira. Sindikanatha kutuluka, chifukwa thaulo langa anali atalikhalira, ndipo panalibe mawu a Chichewa kapena Chinyanja opemphera zimenezo.

Tisa atatipeza anatsitsa zikwama, anakhala pansi, n'kuseka mpaka kutsokomola. Thaulo anandipatsa atatha kuseka.

Sabata yotsatira kalipentala anabwera kudzaika makoma, ndipo sindinatsutse ngakhale limodzi. Apongozi atabwerera ku Chipata anauza abale kuti mkamwini wawo ndi munthu wodziwa mwambo, chifukwa tsiku lina anawalonjera osaimirira, ndipo anachita bwino kwambiri. Inu mukafuna kugula nyumba, musatsinzine ngati ine. Yambani mwawerenga zitseko.