Swichi Yomwe Ndinaitsekera M'khola

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zinthu zoti mpaka pano mtima sunakhale pansi. Ndinalota ndili padenga la kachipatala ka amayi oyembekezera komwe ndaikako sola kaja, dzuwa lili paliwombo, ndiye panelo limodzi linatsokomola n'kundiyang'ana.

"Amisiri," linatero, "ife dzuwa likamawala sitisiya ntchito. Nyumbayi ikadzayaka moto, adzatiletsa ndani?"

Ndinaliyankha kuti swichi ilipo panja monga lamulo likunenera, yofiira, yoti aliyense angoidina kamodzi magetsi a padenga n'kufa nthawi yomweyo, kuti wozimitsa moto asagwidwe ndi nyesi. Mapanelo onse anangoseka.

Ndiye ndinatsika pamsana pa batire lomwe linkadandaula nyamakazi, n'kupeza a Kanyoza, mkulu woyendera ntchito za magetsi, ataima pakhoma pomwe pali swichiyo. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno chinthu chonyezimira chikagona panja sichiona m'mawa. Ndiye ine, ndi nzeru zandekhazi, ndinaiwotcherera kakhola kazitsulo n'kukhomapo loko wamkulu ngati wa pagolosale.

"Kiyi ali kuti?" anafunsa a Kanyoza.

"Ali ndi a Gwedeza, alonda athu."

"A Gwedezawo ali kuti?"

"Apita kumaliro ku Ntcheu, bwana."

Mwadzidzidzi tayi wawo anasanduka lilime, maso n'kuyamba kuzungulira lina uku lina uko, ndipo pomwe anaima panatsala nanzikambe wovala nsapato zakuda. "Swichi yokhoma ndi loko sindingaivomereze," anatero, mwendo umodzi uli m'mwamba. "Muno simuyaka getsi. Amayi azichira ndi tochi ya foni monga kale."

Ndinagwada. Ndinawauza kuti mkazi wanga Nachisale mwezi wake ndi uno, ndipo mwana wathu woyamba anatisiya m'chipatala chomwechi tsiku lomwe foni ya anamwino inazima ntchito ili pakati. Nanzikambe anangosintha mtundu.

Ndiye inveta, makina osinthira magetsi a sola, inayambitsa nyimbo ya maliro m'chipatalamo, mwadzidzidzi denga lonse utsi tolo. Ozimitsa moto anafika pakabaza atasanduka abakha, aliyense madzi ali kukamwa, koma anaima patali.

"Zimitsani kaye magetsi," anatero wamkulu wawo atameza madzi ake. "Ife sitingafere mawaya a munthu wina."

Ndinathamangira loko uja, kumukoka, kumumenya ndi mwala, koma iye phee.

"Munandiuza nokha kuti ndisatsegulire aliyense," anatero loko. "Lero mwasintha mawu?"

Swichi inkalira m'kholamo ngati mwanapiye. Ndinapisa chala pakati pa zitsulo, koma chinali chitatupa ngati mandasi, n'kumangoperewera pang'ono pokha.

Ndiye ndinaona a Gwedeza chapatali akutsatira bokosi, kiyi akulendewera m'khosi. Ndinati ndithamange, koma pamsewu anali ataikapo masamba a maliro, ndipo pamasamba munthu suthamanga. Ndinavula chipewa n'kumayenda mwaulemu, manja kumbuyo, misozi ili chuchuchu, kwinaku Nachisale akundiitana kuchokera mu utsi muja.

"Abambo, tsegulani. Abambo, tatsegulani."

Ndinadziwa kuti sindiwapeza a Gwedeza, ndipo ndinadziwanso kuti wowotcherera zitsulo zija ndine ndemwe. Chisoni chake sindingachifotokoze.

Chomwe chinandidzutsa ndi phokoso la mwala pachitsulo, gobede gobede, kuseri kwa nyumba. Anali Nachisale, akulimbana ndi loko wa khola la nkhuku.

Ndinakhala pamphasa thukuta lili kamukamu. A Kanyoza akubweradi lero, ndipo a Gwedeza sanabwerebe kuchokera ku Ntcheu. Kakhola ka swichi kaja kalipodi, ndipo ndikakadula, swichi siona m'mawa. Ndikakasiya, chipatala chikhalabe mumdima.

"Abambo, kiyi wa nkhukuzi mwaika kuti?" anafunsa Nachisale ali pakhomo, dzanja lili m'chiuno. "Ndipo msanawu wayamba kundipweteka."